Ng'ombe ya Amake Dingani Inafa Ili Gilini

1. Matope pakhomo

"Ng'ombe yafa, Clarissa. Naiona na maso yanga aya."

"Koma ba Gershom, onani apa. Ili gilini. Inapoperedwa sabata yatha, na sabata ina ija, na inzake."

"Nati yafa. Gilini wako uyo kamukame, tione ngati azatulutsa mkaka."

Linali Lolemba m'mawa, mvula ya mu Febuluwale ikugunda malata a ofesi yathu pa boma la Chongwe. Ba Gershom, mkulu wa alangizi a ziweto m'bungwe lathu, anaima pakhomo matope a ku Bundabunda ali m'majombo. Ndinawapatsa mpando koma anakana.

Anati ng'ombe yomwe yafayo inali ya amake Dingani, mayi wamasiye. Anaipeza itagona m'khola, nkhupakupa zitadzaza m'makutu ngati mapira. Amake Dingani anawauza kuti padutsa masabata atatu osaona munthu wa bungwe atanyamula pampu yopopera mankhwala. Kumudziko ba Gershom anamvanso kuti Lawson, mlangizi wa dera limenelo, ali m'chipatala.

Ine ndinalimbikira kuti pa kompyuta kadi la ng'ombeyo lili gilini, lobiriwira, ndipo kompyuta sinama. Iwo anati ngati kompyuta sinama ndiye kuti akunama ndi Lawson, akungodina foni ali pabedi kuti ntchito isamuthere. Anapempha galimoto ya bungwe kuti akapopere ng'ombe zotsala. Ndinawakumbutsa lamulo lakuti galimoto imapita kumene kuli makadi ofiira basi, ndipo ku Bundabunda kunalibe kadi lofiira ngakhale limodzi.

Kenako anati mawa komiti ya bungwe ikhala pansi pa nkhani ya amake Dingani, n'kutuluka pamvula osavala chipewa.

Lamulo la bungwe tonse tinkalidziwa. Ng'ombe ikafa bungwe lisanachite mbali yake, mlimi amasunga kamwana ka ng'ombeyo n'kudikira kupatsidwa ina. Ikafa bungwe litachita zonse, mlandu umakhala wa mlimi: dzina lake limafufutidwa ndipo kamwana ka ng'ombe kamapatsidwa kwa wina. Amake Dingani anatsala ndi kamwana kamodzi ka ng'ombe kakakazi, ka miyezi iwiri.

2. Mmene ndinakongoletsera bolodi

Ntchitoyi ndinaiyamba mu Disembala, nditangomaliza sekondale, giredi 12. Amayi ankafuna ndizithandiza kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu kwathu ku Palabana. Ine maso anali kwina. M'mawa uliwonse ndikatsika minibasi ndinkaima pang'ono kuonerera zina zikuloza ku Lusaka, n'kumadziuza kuti tsiku lina ndidzakwera imodzi osabwerako madzulo.

Bungwe lathu limapereka ng'ombe zamkaka kwa alimi ang'onoang'ono. Ntchito yonse imayenda pa pulogalamu ya pa kompyuta imene timangoitcha kuti sisitemu. Ukaitsegula umaona bolodi, ndipo pa bolodipo ng'ombe iliyonse ili ndi kadi lake, lolembedwa dzina la mwini ndi mudzi.

Nthawi ya mvula ng'ombe zimapoperedwa mankhwala a nkhupakupa sabata iliyonse. Mlangizi akapopera amadina pa foni yake, kadi n'kubiriwira. Akapanda kudina masiku asanu ndi awiri, kadi limafiira lokha. Pansi pa kadi pali malo olembapo uthenga woti aliyense wa m'gulu awerenge. Lolemba ba Gershom ankayang'ana makadi ofiira kuti adziwe kotumiza thandizo. Lachisanu sisitemu imasonkhanitsa yokha lipoti n'kulitumiza ku likulu ku Lusaka.

Amene anatibweretsera zonsezi anali Terrence, woyang'anira wathu wochokera ku likuluko. Ankabwera kamodzi pa sabata, malaya oyera osadetsedwa ngakhale kunja kuli matope. Akachoka, fungo la perefyumu wake linkatsala pa mpando mpaka mawa lake. Kumapeto kwa kope langa ndinali nditalemba dzina langa moyandikana ndi lake kangapo, n'kufufuta.

Terrence anali ndi mawu amodzi omwe ankawabwereza kwa alangizi onse. Ankati chimene sichili mu sisitemu sichinachitike, ndipo wina asamuimbire foni, alembe pa kadi.

Vuto linali netiweki. Ku Bundabunda mlangizi amatha kupopera Lolemba koma n'kudzadina Loweruka, akakwera pachulu pamene foni imagwira. Lipoti la Lachisanu linkapita lili ndi madontho ofiira ponseponse. Tsiku lina Terrence analiyang'ana n'kunena kuti bolodi lathu likuoneka ngati tebulo la m'butchala, ndipo a ku likulu akumuseka.

Tsiku lomwelo anakokera mpando pafupi ndi wanga. Anandionetsa kuti sisitemu imalola kusintha zinthu: kuwonjezera mzere, kubisa zomwe sukuzifuna, ngakhale kusintha lamulo la nthawi imene kadi limasintha mtundu. Anati ndili ndi mutu wofulumira. Anatinso ku Lusaka kuli malo amodzi a maphunziro a miyezi itatu, ndipo iye ndi amene adzasankhe wopita.

Sindinadikire ngakhale tsiku limodzi. Mankhwala opita ku Bundabunda ndinkawatulutsa m'sitolo ya bungwe ndine, n'kuwapereka kwa kondakitala wa minibasi kuti akawasiye pa shopu ina ya pamphambano, pamene Lawson ankakawatenga. Ndinaganiza kuti mankhwala akatuluka ndiye kuti apopera basi, kudina kwa mlangizi n'kungotaya nthawi. Ndinasintha lamulo kuti kadi lizibiriwira ine ndikangolemba kuti mankhwala atuluka. Ndinakonzanso kuti makadi obiriwira azipindika n'kubisala pansi, bolodi lizioneka loyera.

Sizinanditengere mphindi zisanu, ndipo sindinauze munthu.

Lachisanu limenelo lipoti linapita lobiriwira lokhalokha ngati munda wa chimanga. Terrence analemba pa bolodi, pamene onse amawerenga, kuti Clarissa ndi nyenyezi ya ofesi ya Chongwe. Mawu amenewo ndinawajambula pa foni. Ndinkawawerenga m'minibasi, potunga madzi, ngakhale m'tchalitchi.

Lolemba lotsatira ba Gershom anafunsa kumene kwapita makadi ofiira. Ndinawayankha kuti alangizi aphunzira kudina msanga. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi mpango.

"Mwana wanga, ine nayamba kugwira ng'ombe ku Katete iwe usanabadwe. Sinaonepo mwezi wa mvula umene zonse ziyenda bwino. Honda imafa, mlatho umadzala, munthu amadwala. Redi uja si chamanyazi, ni kulira kwa munthu amene ali kutali. Khola likakhala zii, mbusa wanzeru sakondwera, amapita kukaona chimene chaletsa ng'ombe kulira. Iwe ufuna zinthu zipse lero lomwe. Chimene chathamangira kupsa chimapserera kunja, mkati muli muwisi."

Ndinati ndamva, koma maso anali pa foni.

3. Uthenga umene unabisala

Ba Gershom atatuluka pamvula m'mawa uja, ndinatsala ndekha. Ndinapita pansi pa bolodi n'kutsegula makadi opindika a ku Bundabunda, koyamba chisinthireni lamulo lija. Anali khumi ndi asanu. Pa kadi la amake Dingani, lomwe linali loyamba pa mndandanda wa Lawson, panali mauthenga awiri osawerengedwa.

Woyamba unalembedwa masabata atatu apitawo. Lawson anati wagwa pa honda, njinga yake yamoto, mwendo wathyoka, amugoneka m'chipatala. Anati mankhwala ali pa shopu, pampu ili kunyumba kwake, chonde atumize wina.

Wachiwiri unali wa sabata yotsatira, ndipo unali waufupi. Ankafunsa chifukwa chimene makadi ake akubiriwira pamene iye sanadine kanthu. Anamaliza ndi kufunsa ngati alipo amene akuwerenga.

Lawson sananame. Anachita zomwe anauzidwa: sanaimbe foni, analemba pa kadi. Ine ndinkatumiza botolo la mankhwala sabata iliyonse, mabotolo n'kumakaunjikana pa shopu, makadi n'kumabiriwira.

Ba Gershom anali asanafike patali, ndikanatha kuwathamangira. Ndinapindanso makadiwo, n'kuyamba kusesa mu ofesi momwe munali mosesa kale. Tsiku lonse linatha choncho, ng'ombe khumi ndi zinayi zotsala zili ndi nkhupakupa, galimoto itaima kuseri kwa ofesi.

4. Kuseri kwa sitolo

Mawa lake Terrence anafika molawirira, a komiti asanakwane. Anandiitanira kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Kwa miyezi iwiri ndinkalota tsiku limene adzandiitanire pambali, koma sindinalote kuti padzakhala pafupi ndi migolo yonunkha dipi.

Sanachedwe ndi moni. Anati sisitemu imasunga mbiri ya zonse zosinthidwa, dzina la wosintha, tsiku ndi ola, ndipo dzulo waiona. Ndinayamba kupepesa koma anandiletsa ndi dzanja. Anati malipoti atatu apita kale kwa anthu otithandiza a kunja, onse ali ndi dzina lake. Zikadziwika kuti anali olakwika, akhoza kuimitsa ntchito ya m'boma lonse.

Anati lamulo lija alibweza yekha mwakachetechete Lachisanu lipoti likapita, ndipo mbiriyo palibe wa komiti amene amadziwa potsegulira. Ndinafunsa za ng'ombe zotsala. Anati masiku atatu si ambiri. Ndinafunsa za amake Dingani. Anati chaka chamawa adzaona chimene angachite.

"Iwe ungokhala chete, Clari. Malo ya ku Lusaka ni yako, nalemba kale dzina."

Anali asananditchulepo Clari. Anandigwira paphewa n'kubwerera kutsogolo, akulambalala matope kuti nsapato zisade.

Pobwerera ndinapeza ba Gershom pa mpopi akutsuka majombo. Sindikudziwa ngati anamva. Sanandiyang'ane, analankhula maso ali pa madzi.

"Clarissa, kulakwa kulibe mwini, tonse tinalakwapo. Ine ninaphapo ng'ombe ziwiri za munthu, ninasakaniza dipi molakwika nili munyamata. Ninapita nekha kukakamba. Ananitukwana, ananichotsa nchito, koma lero nimapita pa mudzi uja masana, sinizungulira. Koma kuli kulakwa kwina kumene munthu amanyamula n'kukatwika wosauka, chifukwa adziwa kuti wosauka alibe pokakamba. Kumeneko sikuchoka. Uzakwera basi, uzavala bwino, uzakhala mu ofesi ya magalasi, koma tiyi aliyense wa mkaka uzamumwa na mutima uli m'mwamba. Ine sinikufunsa kanthu. Nangokamba."

Anatsanula madzi a m'jombo n'kulowa.

5. Komiti

Tinakhala m'chipinda chachikulu. Panali apampando a komiti, ba Mwaanga, mlimi wa ku Palabana, ndi anzawo anayi. Terrence anakhala pafupi nawo. Ine ndinali pakona ndi kompyuta, chifukwa ntchito yanga inali kuonetsa bolodi pakhoma.

Amake Dingani anakhala pa benchi pafupi ndi chitseko. Anali atanyamuka kusanache, chitenje chanyowa mpaka m'mawondo. M'manja anagwira chingwe cha ng'ombe yawo, atachikulunga bwinobwino. Palibe anawauza kuti abwere nacho.

Ba Mwaanga anandiuza kuti ndionetse kadi. Linatuluka pakhoma, lalikulu, lobiriwira. Anawerenga masiku atatu opopera mokweza. Kenako anafunsa amake Dingani ngati ng'ombe ankaisiya kudya pamodzi ndi za m'mudzi, ngati khola linali louma, ngati ankaipatsa madzi okwanira.

Mayiwo anayankha mofatsa. Anati udzu ankamweta okha m'dambo, kuti ng'ombeyo isatuluke. Anati itayamba kukana kudya ankathothola nkhupakupa ndi zala, imodziimodzi, koma mawa lake zinkabwera zina. Anati kawiri anapita pa shopu, anaona mabotolo a bungwe pa shelefu, koma mwini shopu anakana kuwapatsa chifukwa analembedwa dzina la Lawson. Anabwereza kuti sanaone munthu masabata atatu.

Mmodzi wa komiti anaseka pang'ono, n'kunena kuti aliyense ng'ombe ikamufera amati sanaone munthu. Ba Gershom anaimirira kunena kuti Lawson ali m'chipatala, ndiye wapopera ndani? Terrence anayankha kuti Lawson ayenera kuti anatuma mnzake, alangizi amathandizana, ndipo komiti singagamule potengera zomva pamene umboni uli pakhoma.

Ba Mwaanga anausa moyo. Anati zikuwamvetsa chisoni, koma lamulo analipanga okha. Anati dzina la amake Dingani lichotsedwe pa bolodi, ndipo kamwana ka ng'ombe kakatengedwe Loweruka. Anatembenukira kwa ine kuti ndifufute kadilo.

Amake Dingani sanalire. Anangoyang'ana pakhoma, pa chinthu chobiriwira chomwe sankatha kuchiwerenga, n'kufunsa ngati kamwanako angaloledwe kukaperekeza okha, chifukwa sikanazolowere anthu ena.

Muvi wa pa kompyuta unali pa mawu akuti fufuta. Terrence anandigwedezera mutu pang'ono.

Ndinausuntha muviwo n'kutsegula pansi pa kadi. Mauthenga awiri a Lawson anatuluka pakhoma. Kenako ndinatsegula mbiri ya zosinthidwa. Pamwamba penipeni panali dzina langa lonse, tsiku, ndi ola: kota pasiti fo.

Ndinaimirira. Ndinawauza zonse monga zinachitikira, kuti gilini uja sankatanthauza kupopera koma botolo kutuluka m'sitolo, kuti ndinasintha ndine popanda kufunsa, kuti mauthenga ndinawaona dzulo n'kuwabisanso. Ndinati makadi onse a ku Bundabunda ndi abodza, ndipo ng'ombe khumi ndi zinayi sizinapoperedwe kuyambira mu Januwale.

Za kuseri kwa sitolo sindinanene. Terrence anali atatsegula foni yake, akuiyang'ana ngati mwalowa uthenga wofunika.

Ba Gershom anatambasula dzanja kwa ba Mwaanga, ndipo iwo anatulutsa makiyi a galimoto m'thumba n'kuwapatsa.

6. Chingwe

Ba Mwaanga anati chigamulo chija chafafanizidwa, kamwana kakhale kwa mwini wake. Anati nkhani yanga idzakambidwa likulu likamva, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndisakhudzenso kompyuta. Kenako anavula chipewa n'kuchiika patebulo.

"Koma niuze, mwana iwe. Anakutuma ndani? Unafuna chani?"

Ndinayang'ana Terrence. Sanadzutse mutu. Malaya ake anali oyera monga masiku onse.

"Kulibe ananituma. Ninafuna anione. Ninafuna kuyenda ku Lusaka."

Palibe anaseka, ndipo zikanakhala bwino akanaseka. Terrence anaimirira n'kunena kuti akukaimba foni ku likulu. Anadutsa pafupi nane osandikhudza ngakhale ndi diso. Fungo la perefyumu lija linatsala, koma tsopano sindinalifunenso.

Ndinapita pa benchi n'kugwada pa simenti patsogolo pa amake Dingani. Ndinati pepani. Mayiwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zanga zopyapyala za mu ofesi. Anafunsa ngati ndinafikako ku Bundabunda. Ndinati ayi. Anafunsa ngati ndinagwirapo ng'ombe yotentha thupi. Ndinati ayi.

Kunja galimoto inalira. Ba Gershom anali akukweza migolo ya madzi ndi pampu ina yomwe tinkasunga pa ofesi, akuitana kuti pakufunika manja ena.

Amake Dingani anatenga chingwe chija n'kuchiika m'manja mwanga. Chinali chonyowa, chikununkhabe khola.

"Pepani wako sunga, sanganithandize. Dzulo pobwera kumadzi napita pa khola ya ba Ednah, neba wanga. Yawo nayo yaleka kudya, maso yayamba kuchita mitambo monga inachitira yanga. Ali na ana asanu. Ine nifuna chimodzi chabe. Vula tunsapato uto, ukwere motoka iyo, uyende khola na khola. Pa khomo iliyonse ukambe dzina yako, uwauze na pakamwa pako kuti ng'ombe yawo unailemba gilini. Uyambire kwa ba Ednah, ngati tizaipeza ikali moyo."